Khasu Linatsala Kumudzi, Mbale Tinabwera Nayo

Abale ndi alongo a ku Kawale ndi ku Biwi, a ku Chinsapo ndi ku Mgona, a ku Area 23 ndi ku Area 25, ndi inu aphunzitsi amene mudzawerengera ena mawu awa m'midzi: lero tifuna kunena za chinthu chimene anthu sakonda kuchimva pa msonkhano, ndicho kulemera kwa matupi athu, ndi kukhala pansi kumene kwalowa m'nyumba zathu. Tidziwa kuti ena aseka mumtima, nati, Kodi m'dziko la njala lino munthu nkudandaula kunenepa? Musafulumire kuseka. Pakuti maliro amene tiyenda masiku ano sali a malungo ndi chifuwa chachikulu chokha ayi. Alipo amayi amene anagwa pamsika ali chikhalire, mbali imodzi ya thupi nifa. Alipo abambo amene anadulidwa mwendo chifukwa cha kabala kakang'ono kokana kupola. Ndipo ambiri a iwo, dzulo lake, anthu anali kuwayamika kuti akuoneka bwino.

Tiyambe takumbukira tsiku la mayi wa kumudzi, monga analili amayi athu ku Nkhoma, ku Mitundu kapena ku Dowa. Anadzuka tambala atalira, natenga mtsuko, napita kuchitsime. Pobwera anasesa pabwalo, nasenza khasu, mwana ali kumbuyo, nalima kufikira dzuwa litafika paliwombo. Pobwerera anatola nkhuni, namanga mtolo, nausenza. Madzulo anaima pa mtondo, kukonola ndi kusinja mpaka thukuta kamukamu. Ndipo mwezi ukawala ng'oma ya chimtali inamuitananso kubwalo. Munthu wotere akakhala pa mphasa nadya mitanda itatu ya nsima, nsimayo inali nako kopita. Sanadziwe mawu akuti kulimbitsa thupi, ndipo sanawasowe, popeza ntchito yomwe inamdyetsa ndiyo inamlimbitsanso.

Tsono mzinda unakula. Pa kalembera wa 1966 anthu a mu Lilongwe sanakwane 20,000. M'chaka cha 1975 likulu la dziko linachoka ku Zomba nilidza kuno, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318. Khamu limeneli silinatuluke m'nthaka. Ndife tomwe, ana ndi zidzukulu za alimi aja. Pobwera kuno zinthu zinayamba kutichoka m'manja chimodzichimodzi. Khasu linatsala kumudzi. Mtondo unagonja kwa chigayo. Chitsime chinasanduka mpopi wa pafupi. Njira imene makolo anaiyenda ndi mapazi tsopano tiiyenda pa minibasi, ndipo potsika itidikira kabaza ya njinga yamoto, yotifikitsa pakhomo penipeni.

Sitinena kuti zinthu izi nzoipa. Aliyense amene anaona msana wa agogo ake utapindika ndi mtsuko sadzanyoza mpopi. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Taonani chimene sitinachisiye kumudzi: mbale. Mbale tinabwera nayo, ukulu wake womwewo, mitanda yake yomweyo, ya munthu wogwira khasu. Ndipo mzinda unaonjezapo zake: ufa woyera m'malo mwa mgaiwa, mafuta ophikira m'ndiwo iliyonse, tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi m'mawa, tchipisi cha pa chiwaya masana, ndi botolo la chakumwa chozizira pakudza mlendo. Cholowa chinachuluka, chotuluka chinachepa. Nanga chotsalacho chipita kuti? Thupi silitaya kanthu. Lichisunga, monga mwini nkhokwe asunga chimanga, ndipo nkhokwe yake ndi mimba, chiuno ndi chiwindi.

Kuti mungaganize kuti tingoopseza, tamverani zimene zinapezeka pakati pa ife tomwe. Kuyambira 2013 kufikira 2016, anthu a kafukufuku a bungwe la MEIRU anayenda khomo ndi khomo mu Area 25 muno, ndiponso m'midzi ya ku Chilumba m'boma la Karonga, nayeza akuluakulu 28,891. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2018. Mwa amayi 100 aliwonse a mu Area 25, amayi 44 anali olemera kupitirira muyeso woyenera msinkhu wawo. Kumudzi anali 27. Mwa abambo 100 a mumzinda anali 18. Kumudzi 9 okha. Mtundu ngumodzi, nsima njomweyo. Chosiyana ndi malo okhala ndi mayendedwe a tsiku. Koma chimene chititsitsa mtima koposa ndi ichi: mwa onse amene anapezeka ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, 58 mwa 100 sanadziwe kuti ali nayo, ndipo mwa a nthenda ya shuga, 41 mwa 100 sanadziwe. Anali kuyenda, kuseka, kugulitsa malonda awo, mdani ali m'nyumba.

Pano tiyenera kunena molungama, kuti tingalemetse wolema kale. Alipo pakati panu amene alawira mdima ku Mgona nayenda pansi kupita ku Kanengo kukasenza matumba. Alipo oumba njerwa, okumba mchenga mu mtsinje, opalasa njinga ya makala, ndi amayi a ku Chinsapo oyenda ndi beseni la nthochi pamutu kuzungulira tauni yonse. Kwa inu sitinena kuti onjezani kuyenda. Thupi lanu lifuna chakudya chokwanira ndi mpumulo. Mawu athu apita kwa iye amene ntchito yake yamkhazika pansi: mayi wa pa benchi ya tomato, telala wa pakhonde, wotumiza ndalama pa lamya m'kanyumba kake, woyendetsa minibasi, kalaliki wa mu ofesi, mlonda wa pa geti. Anthu awa sali aulesi. Mayi wa pa benchi akachoka pang'ono, wogula apita kwa mnzake. Afika kunyumba atatopa ndithu, koma kutopa kwake nkwa mutu ndi msana. Miyendo yake yagona tsiku lonse.

Ku London kunali sing'anga dzina lake Jeremy Morris, amene anayang'anitsitsa anthu ogwira ntchito m'mabasi a mzindawo, mabasi aja a nyumba yosanja. Woyendetsa anakhala pa mpando tsiku lonse. Kondakitala anakwera ndi kutsika makwerero kulandira ndalama. Basi imodzi, msewu umodzi, maola omwewo. M'chaka cha 1953 Morris anaonetsa kuti nthenda ya mtima inagwira oyendetsa koposa makondakitala, ndi kuti ikawagwira inawapha msanga. Kuyambira pamenepo asing'anga a maiko ambiri apeza chimodzimodzi mobwerezabwereza. Inu oyendetsa minibasi za ku Area 23 ndi ku Likuni, mukaima pa siteji kudikira kuti idzaze, mpandowo suthawa. Tsikani, muongole miyendo.

Nanga kukhala pansi kupweteka bwanji munthu, popeza sikutulutsa mwazi? Mverani. Nsima tikadya isanduka shuga m'magazi, ndipo wakudya shugayo wamkulu ndi minofu ya miyendo ndi manja. Kapamba atulutsa madzi otchedwa insulini, amene ali ngati mthenga wogogoda pa khomo la mnofu kuti shuga alowe. Mnofu wogwira ntchito utsegula msanga. Koma mnofu wogona, m'thupi lodzala mafuta a pamimba, usanduka wogontha. Mthenga agogoda, khomo silitseguka, shuga natsala m'magazi. Kapamba afuula koposa, zaka ndi zaka, mpaka atalema. Pamenepo munthu ayamba ludzu losatha, kukodza usiku wonse, maso kuchita chifunga. Shuga wotsalayo adya pang'onopang'ono timitsempha ta m'maso, ta mu impso ndi ta kumapazi, kotero kuti munthu aponda munga osamva, bala nilikula. Mtima nawonso ukankha magazi m'thupi lalikulu ndi mphamvu yoposa, mitsempha niuma. Tsiku lina umodzi wa m'mutu utsekeka kapena uphulika, ndiko kufa ziwalo kuja tinanena poyamba. Amene anaperekezapo mbale wake ku Kamuzu Central Hospital kukasefetsa magazi pa makina chifukwa impso zaleka adziwa mtengo wake wa zimenezi, pa ndalama ndi pa misozi.

Tsono tifika pa chinthu chimene chili pa lilime lathu, ndipo apa tikhalitsapo. Tikakumana ndi mlongo wathu amene anakwatiwa chaka chatha, timlonjera bwanji? Titi, Koma ndiye mwanenepa, akukusungani bwino bambo! Mwamuna akatuluka mimba titi ndalama zamuyanja. Mkazi akachepa thupi, apongozi ayamba kunong'ona kuti m'nyumbamo muli nkhanza kapena umphawi. Mawu awa ali ndi gwero lake, ndipo gwerolo sitilinyoza. Makolo athu anaona njala ya 1949. Ife tinaona ya 2002. Ndipo koposa zonse tinaona zaka zija za Edzi, pamene kuonda kunali ngati kalata ya imfa yolembedwa pa thupi, anthu naloza ndi milomo munthu akadutsa. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, ndipo ambiri amene anagona anadzuka. Koma mantha aja sanachoke m'mitima. Kufikira lero alipo mayi amene adotolo anamuuza kuti achepetse thupi, iye nayankha chamumtima, Nanga anthu adzati chiyani? Asankha kudwala mobisika kuposa kunenedwa poyera. Alipo ngakhale atsikana ogula mankhwala onenepetsa m'misika, osadziwa chimene ameza. Abale, mlandu umenewu suli wa mayiyo yekha. Uli wa milomo yomzinga. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Maso athu sangathe kuona magazi a munthu.

Koma tisatembenuke ndi kugwa mbali inayo, kuyamba kuseka onenepa. Matupi sanapangidwe ndi chikombole chimodzi. Ena atengera ku mtundu, ena thupi linakula ndi uchembere, ena ndi mankhwala amene amwa. Ndipo alipo oonda amene magazi awo athamanga koopsa. Munthu wosekedwa sachira. Angobisala m'nyumba, nadya ali yekha. Chimene tipempha nchakuti moni wathu usiye kuyeza thupi la mnzathu, ponenepa ngakhale poonda.

Inu abambo, pali mawu anu. M'nyumba zambiri mkazi akati ayende madzulo kuti aongole miyendo, funso limtsata: Ukupita kuti, ukaonana ndi yani? Akabwera mochedwa pang'ono nsima isanapse, pakhala mlandu. Kotero iye akhala. Mwaona chiwerengero chija, 44 kwa amayi ndi 18 kwa abambo. Kusiyana kumeneku sikunangogwa. Mkazi ndiye abereka, ndiye akhala pafupi ndi moto ndi mphika, ndiye amaliza zotsala za ana pakuopa kutaya chakudya. Ngati muli ndi nsanje, mankhwala ake ngapafupi: nyamukani mupite naye. Bawo la pa golosale lidzakudikirani.

Kodi tsono muyeso wake ndi wotani? Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, m'malangizo ake a 2020 linati wamkulu asunthe thupi mphindi 150 kufikira 300 pa mlungu, ndi mwana wa zaka 5 kufikira 17 mphindi 60 tsiku lililonse. Mphindi 150 ndi theka la ola masiku asanu. Kuyenda kwake si kwa wopita kukapalana ubwenzi ayi. Ndi kwa munthu amene waona mvula ikudza ndipo ufa uli padzuwa: mtima ugunde, mpweya ukwere, koma ukhoze kulankhulabe ndi mnzako. Sikufuna nsapato za mtengo wapatali kapena nyumba ya zitsulo. Wopita kumsika atsike minibasi siteji imodzi isanakwane yake, ndalama ya kabaza nigula masamba. Wa pa benchi aimirire pogulitsa, napangane ndi mnzake woyandikana naye kuti adikirirane malonda, wina ayende, wina atsale. Ali ndi kadimba kuseri kwa nyumba agule khasu. Mpiru udzamera, ndipo thukuta lidzabwera lokha. Tidziwa kuti misewu yathu yambiri ilibe poyenda a pansi, kuti chilimwe ndi fumbi, dzinja ndi matope, ndi kuti mdima uli ndi eni ake. Chifukwa chake yendani awiri, atatu, kukali kowala.

Ndipo musataye mtima poganiza kuti mufunika kubwerera ku thupi la usungwana. Ku America, m'chaka cha 2002, kunatuluka zotsatira za kuyesa kwakukulu pa anthu oposa 3,000 amene shuga anali pafupi kuwagwira. Ena a iwo anauzidwa kuyenda mphindi 150 pa mlungu ndi kuchotsa magawo 7 okha mwa 100 a kulemera kwawo. Pakati pa amenewo nthendayo inachepa koposa theka poyerekeza ndi anzawo. Kwa munthu wa makilogalamu 90, ndiwo makilogalamu 6 kapena kupitirira pang'ono. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Sikelo si aliyense ali nayo, koma chingwe chili m'nyumba iliyonse. Tengani chingwe, muyeze msinkhu wanu kuyambira kumutu kufikira kuphazi, mudule. Muchipinde pakati, ndipo chopindacho muzunguze pamimba, pamwamba pang'ono pa mchombo. Nsonga zikakumana, zili bwino. Zikakana kukumana, mafuta a pamimba achuluka, ndipo ndiwo oopsa koposa a m'ntchafu ndi m'manja. Muyeso umenewu ngwa akulu, ndipo mayi woyembekezera asauyese.

Za mbale sitichulukitsa mawu, pakuti amayi adziwa kuphika koposa ife. Nsima sitiiletsa, ndani angaletse nsima ku Lilongwe? Koma wokhala pansi asadye mitanda ya wolima. Ndiwo zamasamba zichuluke, bonongwe, nkhwani, chisoso, khwanya, zimene ena aziyesa za amphawi; nyemba, nandolo ndi usipa zisasowe; mgaiwa ubwerere. Mafuta ayezedwe ndi supuni, asathiridwe ndi botolo. Mchere wa munthu mmodzi pa tsiku lonse usapitirire magalamu 5, ndiyo supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi wobisika m'zokometsera za m'mapaketi. Ndipo botolo limodzi laling'ono la chakumwa chozizira lili ndi shuga wokwana masupuni aang'ono 7 kapena 8. Ndani wa inu angathire masupuni 8 m'kapu ya mlendo namuyang'ana kumaso? Komatu tichita chomwecho pomlemekeza. Abusa, akulu a mpingo ndi aphunzitsi, amene ayenda nyumba zisanu tsiku limodzi nalandiridwa ndi botolo pa nyumba iliyonse, adzatithokoza tikawapatsa madzi ndi chinangwa chophika.

Tsopano za ana, ndipo aphunzitsi tcherani khutu. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Kotero m'nyumba imodzi mukhoza kupezeka mayi wolemera kupitirira muyeso ndi mwana wosakula bwino, onse akudya mphika umodzi wokhutitsa koma wosamanga thupi. Chifukwa chake mwana asamanidwe chakudya poti angadzanenepe. Apatsidwe choyenera, phala la nsinjiro, dzira, chipatso, m'malo mwa ndalama ya zokazinga ndi zotsekemera za pa geti la sukulu. Ndipo mwana wopinimbira akadzakula nakhala moyo wa pampando, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimpeza msanga.

Ana a makedzana sanafune wowauza kuti athamange. Panali phada ndi fulaye, jingo ndi chipako, mpira wachikulunga mpaka mdima. Lero mabwalo ambiri a m'makomboni anadulidwa mapuloti, ndipo mwana apezeka m'kanyumba ka kanema, kapena wagwira lamya ya amake, maso ali tong'o, thupi lili duu. Makolo ena akondwera, nati, Wanga sayendayenda. Koma mwana wosadetsa zovala ayenera kutidetsa nkhawa. Inu aphunzitsi, nthawi ya masewero imene ili pa ndandanda musaisandutse ya masamu, ngakhale mayeso a Sitandade 8 ayandikire. Mwana wothamanga agwira bwino phunziro. Musaiwale atsikana, amene akangosinkhuka auzidwa kuti kudumpha nkwa ana. Dziko lino ladziwika kunja ndi ntchemberembaye, ndipo osewerawo anayambira pa mabwalo a fumbi onga athuwa. Bwalo la sukulu ndi la tchalitchi lisatsekedwe madzulo. Ndipo inu a m'midzi musati nkhaniyi nja m'tauni. Chigayo, kabaza ndi chiwaya zafika kale pa malo a malonda a kwanu, ndipo 27 uja anawerengedwa kumudzi.

Otsala ndi machenjezo awiri. Amene amwa kale mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi asaleke poti ayamba kuyenda. Kuyenda kuthandiza mankhwala, sikulowa m'malo mwake. Wa shuga avale nsapato poyenda, nayang'ane mapazi ake madzulo aliwonse. Ndipo aliyense womva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire aime, napite kuchipatala. Chinanso, munthu akayamba kuonda yekha wosasintha kanthu pa kadyedwe, asakondwere. Chikhoza kukhala chifuwa chachikulu, kapena shuga yemweyo, ndipo afunika kuyezedwa msanga.

Kuyeza kuthamanga kwa magazi sikupweteka ndipo sikutenga nthawi: lamba pa mkono, mphindi ziwiri. Zipatala zazing'ono za ku Kawale ndi ku Area 25, ndi chipatala cha Bwaila, zili pafupi ndi ambiri a inu. Tipempha amayi a chigwirizano kuti pa tsiku lawo la msonkhano mlungu uno abwere ndi chingwe, ndi kuti apangane za nyumba zoyandikana zimene zidzayendera pamodzi. Akulu a mpingo alembe maina a nkhalamba ndi a onse opitirira zaka 40 amene sanayezedwepo, napeze wowaperekeza mwezi uno usanathe.